Mbiri ya Mimba pa Tsinde la Phiri la Mulanje

Alembi a mbiri ya dziko la Mulanje amakonda kuyambira pa nsonga ya Sapitwa, imene inatalika mamita 3,002, natsikira ku mikungudza ya ku Lichenya ndi ku Chambe, nafika ku minda ya tiyi imene yabiriwira kuyambira ku Likhubula kufikira ku Ruo. Ndipo akatha kuwerenga mafumu ndi nkhondo zawo, azungu ndi mafakitale awo, amatseka buku nayesa kuti zonse zanenedwa. Koma ilipo mbiri inanso imene sinalowe m'kaundula wa boma, ndiyo ya mimba za anthu okhala pa tsinde la phirilo: chimene anadya ndi chimene anasowa, chimene chinawasowetsa tulo, ndi m'mene anadwazikirana pamene m'mimba munapotokola ndi kutsegula magazi. Mbiri imeneyi ili ndi phindu masiku ano, pakuti madokotala a maiko akutali, atatha zaka zoposa zana limodzi akutsutsana za matenda otupitsa matumbo, afika pa mfundo yakuti chakudya, nkhawa ndi matumbo ndi zomangika pamodzi. Ndipo mfundo imeneyi anthu a ku Mulanje anakhala nayo kuyambira kale, ngakhale anaigwira mwa njira yawo, ndi zolakwa zake zomwe.

Pamene Amang'anja anali eni dziko m'mbali mwa Thuchila ndi Ruo, ndi pamene Ayao a Chikumbu, a Mkanda ndi a Matipwiri anafika nakhazikika m'mphepete mwa phiri cha m'ma 1860 ndi pambuyo pake, chakudya cha munthu wamba chinali cha mitundumitundu ngakhale sichinali chochuluka: nsima ya mapira, ya mawere kapena ya chimanga chosinja mu mtondo, ndiwo za nkhwani, chisoso, bonongwe ndi therere, nandolo ndi khobwe, matemba ouma ochokera ku nyanja ya Chilwa, ndi masuku a m'thengo pa nyengo yake. Nthenda ya m'mimba yoopedwa koposa inali ya kamwazi, imene imathamangitsira munthu kuthengo usana ndi usiku, natulutsa magazi ndi zonanda kufikira maso atalowa m'kati. Ndipo pa nthenda imeneyi panali mwambo wa kadwazikidwe umene uyenera kufotokozedwa bwino, popeza nkhani yonse yaima pa iwo.

Wodwala ankagonekedwa pa mphasa pafupi ndi moto, pakuti wotsegula m'mimba amazizidwa ngakhale dzuwa lili paliwombo. Mayi wamkulu wa pa mbumba, kaya agogo ake kaya amayi ake aakulu, ankatenga ufa wosefa kawiri nauphika phala lamadzimadzi lopanda nsinjiro, nakhala pambali pake ndi chipande m'manja, namunyengerera kuti amwe pang'onopang'ono; akayamba kupeza bwino ankamupatsa thobwa la tsiku lomwelo lisanasase, ndipo nsima inkabwera pomalizira, yofewa, ya ndiwo za msuzi. Mwamuna wodziwa mitengo ankapita kukasema khungwa la muwawani kapena kukakumba mizu imene makolo ake anamusonyeza, naiviika mu mphika wakewake. Ntchito yachitatu inali ya mwini mbumba, atsibweni a wodwalayo, amene ankaitanitsa abale nafunsa ngati pali mlandu wosatha, ngongole yosabwezedwa, mawu achipongwe amene anagona m'mtima, kapena mwambo wa m'nyumba wolumphidwa, umene ankakhulupirira kuti umadzetsa tsempho kapena mdulo. Ndipo olakwirana ankapepesana pamaso pa wodwala, kuti mankhwala apeze njira. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa mudzi wolongosoka wotsekulayo ankapeza abale ake ali kale pakhonde.

Sitiyenera kuukometsa mwambowu kupyola choonadi chake. Akale sanadziwe kuti matenda a kamwazi amayenda ndi madzi a pachitsime, ndi manja osasamba, ndi ntchentche. Ndipo nthawi zina kuombeza ula kunkathera pa kuloza munthu wosalakwa chala cha ufiti ndi kumumwetsa mwavi, kotero kuti nthenda ya mmodzi inkaphetsa awiri. Chimene anachigwira bwino ndi chakuti wodwala m'mimba amafuna zitatu pamodzi, ndizo chakudya chomuyenera, mankhwala, ndi mtima wokhala pansi, ndi kuti chilichonse cha zitatuzi chiyenera kukhala ndi mwini wake.

Zaka khumi zomalizira za m'ma 1800 zinasanduliza dziko. M'chaka cha 1891 Henry Brown, amene kale analima khofi ku Ceylon, anabzala tiyi ku Mulanje ndi mbewu zochokera ku mitengo ya pa mishoni ya Blantyre, ndipo maina a Thornwood ndi Lauderdale anayamba kumveka. M'chaka cha 1893 boma la Angerezi linamanga malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson kuti litseke njira za ogulitsa akapolo. Ndipo nthaka yachonde ya mvula yambiri inalembedwa pa mapepala kukhala ya azungu. Pa nthawi yomweyo namtindi wa Alhomwe unayamba kuwoloka Muloza ndi Ruo, kuthawa msonkho, chibalo ndi njala za m'dziko la Apwitikizi. Ndipo popeza anafika opanda malo, ambiri anakhala pa nthaka ya esiteti mwa pangano la thangata, ndilo lakuti munthu agwirire ntchito mwini malo m'malo mwa lendi, kawirikawiri m'miyezi ya dzinja, nthawi imene munda wake womwe unkalira khasu.

Wothyola tiyi ankadzuka kusanache, nalowa m'mizere yonyowa ndi mame kapena ndi chiperoni, dengu lili kumsana, nathyola nsonga za masamba awiri ndi kamphukira kake kufikira mgwazo utakwana. Ndipo kapitawo akakana kulemba tikiti, thukuta la tsiku lonse linkapita pachabe. Phoso lake linali ufa wa chimanga, nyemba pang'ono ndi mchere, lero ndi mawa lomwe; madzi akumwa anali a mumtsinje umene komboni yonse inkachapamo; ndipo pamwamba pa zonsezi panali mantha osatha akuti banja likhoza kupirikitsidwa ndi nyumba kugwetsedwa pa mawu amodzi a mwini malo. Lamulo la 1928 linayesa kuika malire pa zimenezi, koma mchitidwe wa thangata sunathe kufikira 1962. Motero kwa mibadwo iwiri kapena itatu zochinjiriza mimba zinachotsedwa zonse pamodzi: chakudya chinachepa mitundu, mtima sunakhale pansi, ndipo abale amene akadadwazika munthu anatsala kutsidya kwa malire.

Alhomwe anabwera ndi nzeru zawo za chakudya cha pa nthawi ya usiwa, ndipo ziwiri mwa izo zimaonetsa poyera kuti cholowa m'kamwa chimakafika ku ubongo. Yoyamba ndi ya kalongonda, nyemba zazikulu zimene mayi amazitereka m'mamawa pa chikuni chachikulu, naziwiritsa, nataya madzi akuda bii, nazisenda makoko, nathiranso madzi ena, nabwerezabwereza kufikira dzuwa litapendeka. Pakuti wodya kalongonda wosapsa amachita chizungulire, amasanza, ndipo ena amayamba kubwebweta. Akatswiri anapeza kuti m'nyembazi muli L-dopa, mankhwala omwewo amene madokotala amapatsa odwala nthenda yonjenjemeretsa ya Parkinson, amene amagwira ntchito m'mitsempha yonyamula uthenga. Yachiwiri ndi ya chinangwa chowawa, chimene amachisenda nachiviika m'madzi masiku angapo, kapena kuchiyanika padzuwa kufikira chitasanduka makaka. Ndipo mtengo wa kufulumira unaoneka m'chigawo cha Nampula m'chaka cha 1981, pamene chilala chinakakamiza anthu kudya chinangwa chisanatuluke ululu wake, ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo, mitsempha ya mu msana itawonongeka. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mayi wokhala tsiku lonse pa mphika wa kalongonda anali kusunga nzeru za ana ake pamodzi ndi mimba zawo.

Nawo madokotala a boma anaona chomwecho. M'chaka cha 1912 Hugh Stannus, dokotala wa ku Zomba, analemba za akaidi a m'ndende ya kumeneko amene anagwidwa ndi nthenda ya pellagra, imene imathethetsa ndi kudetsa khungu pomwe pamaomba dzuwa, imatsegula m'mimba kosaleka, ndipo ikakula imasokoneza nzeru. Patapita zaka zowerengeka Joseph Goldberger wa ku America anatsimikiza kuti gwero lake ndi kuperewera kwa chakudya, osati kachilombo, ndipo m'chaka cha 1937 kunadziwika kuti chosowacho ndi vitamini wotchedwa niacin, amene m'chimanga ndi womangika kotero kuti thupi limalephera kumutenga. Phunziro limeneli linabwerezedwa mwa misozi pamene nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira m'Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ena mwa iwo ku msasa wa ku Muloza: m'chaka cha 1990, mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, othawa kwawo oposa 18,000 kumwera kwa dziko lino anadwala pellagra.

Tsono matenda onse amene atchulidwawa ali ndi gwero logwirika, kaya kachilombo, kaya ululu, kaya kusowa. Ndipo zipatala zimene amishoni a ku Scotland ndi boma anatsegula ku Mulanje zinaphunzira kuwasiyanitsa poyeza chimbudzi ndi kuona mazira a njoka za m'mimba, a likodzo, ndi kachilombo ka amoeba. Koma ilipo nthenda ina ya matumbo imene woyeza sapezamo mdani wochokera kunja. M'chaka cha 1859 Samuel Wilks wa ku London anafotokoza za zilonda za m'matumbo aakulu zofanana ndi za kamwazi, koma zosapatsirana, zimene zimabwera ndi kupita kwa moyo wonse wa munthu, ndipo lero zimatchedwa ulcerative colitis. M'chaka cha 1932 Burrill Crohn ndi anzake awiri a pa chipatala cha Mount Sinai ku New York anafotokoza inzake, ya zilonda zozama zimene zimakonda kumapeto kwa matumbo aang'ono, imene yatenga dzina lake kufikira lero.

Posowa kachilombo koti akaimbe mlandu, madokotala anatembenukira ku mtima wa wodwala, ndipo anali ndi zifukwa. William Beaumont, dokotala wa asilikali ku America, anasunga mnyamata dzina lake Alexis St. Martin, amene anaomberedwa mfuti mu 1822 natsala ndi chiboo cholowa m'chifu, ndipo anaona ndi maso ake kuti mkwiyo ndi mantha zimasintha maonekedwe ndi timadzi ta m'chifumo, nalemba zimenezi mu 1833. Georg Meissner mu 1857 ndi Leopold Auerbach mu 1862 anapeza kuti m'khoma la matumbo mwalukana mitsempha ya uthenga yosawerengeka, imene imayendetsa chakudya ngakhale munthu ali m'tulo. Hans Selye mu 1936 anaonetsa kuti makoswe ozunzidwa nthawi yaitali amatuluka zilonda m'chifu. Potsata zimenezi, Franz Alexander wa ku Chicago mu 1950 anaika ulcerative colitis m'gulu la nthenda zisanu ndi ziwiri zimene anati zimabadwa m'maganizo; ndipo odwala ambiri, pamwamba pa ululu wawo, anasenzetsedwa mlandu wa kudzidwalitsa okha. Chiphunzitsochi chinayamba kufooka pamene Sidney Truelove ndi Leslie Witts a ku Oxford anaonetsa mu 1955 kuti mankhwala a cortisone, amene amatontholetsa kutupa, amapulumutsa odwalawa. Ndipo pang'onopang'ono kunadziwika kuti wolakwa ndi chitetezo cha m'thupi momwemo, chimene, ngati galu wolondera pakhomo amene watembenukira mwini nyumba, chimaluma matumbo amene chikadawateteza.

Chimene chadziwika lero chili pakati pa mbali ziwirizi. Nthendayi imaphuka pamene chibadwa cha munthu, tizilombo tokhala m'matumbo mwake ndi chitetezo chosokonekera zakumana, ndipo nkhawa payokha siyiyambitsa. Koma ubongo ndi matumbo amatumizirana mithenga kosalekeza, kudzera mu mtsempha waukulu wotchedwa vagus, wotsika kuchokera kunkhongo kufikira m'mimba, ndi kudzera m'timadzi toyenda m'magazi monga cortisol ndi adrenaline. Kotero kuti munthu akakhala pa nkhawa ya miyezi, kayendedwe ka matumbo kamasintha, khoma lake lopyapyala limayamba kulola zimene likadatsekereza, ndipo wodwala amene anali atapeza bwino akhoza kuyambiranso. Pamenepo kupweteka, kusowa tulo ndi manyazi a kuthamangira kuchimbudzi pamaso pa anthu zimabala nkhawa yatsopano, imene imabwereranso kumatumbo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Kevin Tracey ndi anzake anaonetsa pa nyama kuti mtsempha wa vagus ukatakasidwa, kutupa kumachepa. Pa za chakudya, tizilombo tabwino ta m'matumbo aakulu timadya zotsala za gaga, nyemba ndi masamba zimene chifu sichigaya, n'kupanga timafuta timene ndito chakudya cha khoma la matumbolo. Wodwala amaonda, ndipo magazi amamuchepera posowa ayironi ndi vitamini B12; ndipo kwa ana odwala nthenda ya Crohn, madokotala amagwiritsa ntchito chakudya ngati mankhwala enieni, powamwetsa chakumwa chokhala ndi zonse zofunika m'thupi kwa masabata asanu ndi limodzi kufikira asanu ndi atatu, osalawa kanthu kena. Phala lamadzimadzi la agogo aja linali losakwanira, koma linaloza njira yoona.

Kwa nthawi yaitali kunkanenedwa kuti nthendazi ndi za azungu. Hugh Trowell, amene anagwira ntchito ku Uganda, analemba mu 1960 kuti ulcerative colitis ndi yosowa pakati pa Aafirika, ndipo iye ndi Denis Burkitt anaphunzitsa pambuyo pake kuti chakudya chosapuntha kwambiri, cha masamba ndi nyemba, ndicho chinkateteza matumbo a anthu a kumidzi. M'mawu awo munali choonadi, koma chinanso n'chakuti chosafunidwa sichipezeka: popanda kachipangizo kosuzumira m'matumbo, ulcerative colitis imawerengedwa ngati kamwazi wobwerezabwereza, ndipo nthenda ya Crohn imafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu cholowa m'matumbo. Dziko lathu lomwe lathandiza kuunikira nkhaniyi, pakuti kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, wotsata mapasa a m'mabanja 317 a ku Malawi, anaonetsa kuti tizilombo ta m'matumbo mwa mwana wodwala kwashiorkor tikaikidwa mwa mbewa zodyetsedwa chakudya chosakwanira cha kumudzi, mbewazo zimaonda. Ndipo popeza ku Asia ndi ku South America nthenda ziwiri za matumbo zija zachuluka pamene anthu asamukira m'mizinda nasintha kadyedwe, wodutsa pa Chitakale kapena pa Limbuli, naona tchipisi cha pachiwaya, zakumwa zotsekemera, ufa woyera mbee wochotsedwa gaga yense, ndi makapisozi ogulitsidwa pa benchi popanda chikalata cha dokotala, ayenera kukumbukira kuti chakudza sichiimba ng'oma.

Nkhawa sinasamuke pa tsinde la phiri thangata atatha. Njala ya 1949 inayendetsa anthu a chigawo cha kumwera maulendo ataliatali okasuma. Napolo wa mu Malichi 1991 anakokolola midzi ya ku Phalombe, limene pa nthawiyo linali mbali ya boma la Mulanje kufikira 1998. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa miyala ndi matope pa minda ndi pa nyumba. Ndipo kuchepa kwa malo olima pakati pa maesiteti ndi nkhalango ya phiri n'kwa tsiku ndi tsiku. Mwambo wa kudwazika nawo sunafe, koma unasamuka. Pa chipatala cha mishoni ya Mulanje ndi pa chipatala cha boma, monga pa zipatala zonse za dziko lino, wodwala amagonekedwa pamodzi ndi gadiyani wake, kawirikawiri mayi, amene amagona pansi pa simenti, nadzuka mbandakucha kukasonkha moto pa mafuwa m'chisakasa chophikira, nabwera ndi phala lotentha m'bakuli pa ola loonera odwala. Ntchito ya agogo ija yatsala m'manja mwake. Ntchito ya wosema makungwa yapita kwa dokotala ndi kwa woyeza magazi, ndipo odwala ovuta amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Koma ntchito ya mwini mbumba, yofunsa chimene chagona m'mtima, yatsala yopanda mwini, pakuti dokotala ali ndi mzere wautali pakhomo pake, ndipo atsibweni ali ku Joni kapena ku tauni.

Chifukwa chake pali zoyenera ziwiri. Munthu amene waona magazi m'chimbudzi kwa masabata, naonda, mankhwala a kamwazi osamuthandiza, asauzidwe kuti ndi maganizo chabe, ndipo asauzidwe kuti walodzedwa. Apite akayezedwe, ndipo ngati zabwereranso apemphe kutumizidwa kumene angamuunike m'matumbo, pakuti safunsa anadya phula. Koma akapezeka ndi nthenda ya moyo wonse yotereyi, abale ake, ampingo ake ndi anamwino agawane ntchito imene yasiyidwa ija: amufunse chimene amadya ndi chimene angathe kugula, amufunse za ngongole ya feteleza ndi za mkangano wa malire a munda, amupeputse pa zimene zingatheke, osafuna woti amuloze chala. Akale analakwa pofuna mfiti, ndipo madokotala a 1950 analakwa poimba mlandu wodwala. Koma onsewo anaona bwino kuti mimba siidwala yokha, ndipo wochiza amene amayang'ana matumbo osafunsa za mwini wake wagwira gawo limodzi lokha la ntchito ya anthu atatu.